Mseu wa Chadiza: Pempho Limene Lakhalitsa pa Khomo la Boma

Munthu wocoka mu mzinda wa Chipata kupita ku boma la Chadiza ali ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 80. Pa mseu wosalala ulendo wotele ndi waufupi: mai angathe kuteleka nyemba pamoto galimoto ili kunyamuka, ndipo alendo adzafika nyembazo zisanapse. Koma onse amene anayendapo pa mseu umenewu m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, m'zaka zambili zapitazi, adziwa kuti makilomita a ku Chadiza sanali kuwelengedwa monga a kwina. Anali kuwelengedwa ndi maenje, ndi matope, ndiponso ndi nthawi zimene okwela anatsika kuti akankhe galimoto imene anailipila kuti iwanyamule.

Ici ndico cifukwa cake anthu a m'tauni ya Chadiza ndi a m'midzi yozungulila, pamodzi ndi mafumu ao, makhansala ndi aphungu amene awaimilila m'Nyumba ya Malamulo, akhala ali kupempha Boma kuti lipatule ndalama zokonzela mseu wao. Pempholi si lacilendo. Lamveka pa misonkhano ya khonsolo, pa mabwalo a mafumu ndi pa wailesi, ndipo lamveka kopambana pa nthawi ya masankho. Cimene anthu akhala ali kufuna n'codziwika: mseu wa tala wocoka ku Chipata, kudzela pa Chadiza, kukatulukila ku Katete, ndiponso maulalo ndi makalavati pa miseu ing'onoing'ono yolowa kumidzi.

DZIKO LA ALIMI

Chadiza ndi dziko la Acewa. Mafumu ake ndi a Zingalume, a Mlolo ndi a Mwangala, ndipo onsewa amapeleka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Ca kum'mwela bomali lacita malile ndi dziko la Mozambique. Kale dela la Mfumu Pembamoyo nalonso linali kuyang'anilidwa kucokela ku Chadiza, koma mu 2012 Vubwi anapatulidwa nakhala boma palokha.

Cuma ca anthu a kumeneku cili m'khasu. Amalima cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya, ndipo amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Mafakitale aakulu kulibe. Motelo ciliconse cimene mlimi wakolola ciyenela kukwela galimoto kuti cikapeze msika, ndipo ciliconse cimene iye afuna, kuyambila fataleza ndi mbeu kufikila malata, simenti, mcele ndi sopo, ciyenela kubwela pa mseu womwewo.

Apa ndi pamene mseu woipa umakhometsa mlimi msonkho umene sulembedwa m'buku lililonse. Mwini lole amadziwa kuti akapita kumene mseu waonongeka adzabwelako ndi masipuling'i othyoka ndi mataya ong'ambika, conco amakweza mtengo wonyamulila katundu. Mwini sitolo amaika mtengo umenewo pa thumba la fataleza, mlimi nalipila. Ikafika nthawi yokolola, wogula amene wabwela ndi sikelo yake pamudzi amacotsa ndalama ya ulendo pa mtengo wa thumba lililonse, mlimi yemwe uja nalipilanso kaciwili. Mu 2024 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Koma mtengo wolengezedwa ku Lusaka ndi wa munthu amene wafikitsa matumba ake pa depoti. Amene akhala kumene lole siifika amagulitsa kwa aliyense amene wabwela, pa mtengo umene wobwelayo wanena.

Za matumba munthu angapilile. Cowawa ndi ca odwala. Ku Chadiza cipatala cilipo, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Mai wapakati amene zinthu zamuvuta pa nthawi yake yocila sangayembekeze kuti matope ayambe auma. Ambulansi imene iyenda tsiku ndi tsiku m'maenje imakalamba zaka zake zisanakwane, ndipo ikagona ku galaja, ngolo ya ng'ombe ndi njinga yamoto ndizo zimalowa m'malo mwake.

LONJEZO LA 2012

Owelenga acikulile adzakumbukila kuti m'masiku a atsamunda, pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson, miseu ya kumidzi inali kulambulidwa ndi makasu, nyakwawa iliyonse ndi anthu ake cigawo cao, makamaka akamva kuti Bwana D.C. ali kubwela. Ufulu utafika mu 1964, Boma linayamba ndi mseu waukulu wa Great East Road. Ulalo wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968, ndipo tala inafika ku Chipata. Miseu yopatukila ku maboma onga Chadiza inatsala ya dothi, yodalila geleda kuti ibwele kudzaipala ndalama zikapezeka.

Ciyembekezo cacikulu cinabwela mu Sepitembala 2012, pamene Mtsogoleli wa dziko panthawiyo, malemu Michael Sata, anakhazikitsa nchito ya Link Zambia 8000, imene colinga cake cinali kumanga miseu ya tala yoposa makilomita 8,000 m'zigawo zonse za Zambia. Mseu wa Chipata, Chadiza ndi Katete unalembedwa pa mndandanda, pamodzi ndi wa ku Vubwi. Makina anafika, mitengo inazulidwa, dothi linaunjikidwa m'mbali mwa njila, ndipo anthu anayamba kuwelengela miyezi yotsala. Patapita nthawi nchito inayamba kutsimphina, potsiliza inaima.

Cinacitika n'ciani? Dziko linayamba miseu yambili pa nthawi imodzi kuposa ndalama zimene zinali m'thumba. Mu 2015 mtengo wa mkuwa unatsika pa misika ya kunja, ndipo kwacha inacepa mphamvu kwambili. Makampani omanga miseu anali kumaliza cigawo ca nchito, kupeleka mapepala olipilitsa, ndi kudikila miyezi popanda kulandila kanthu. Motelo ambili anaimika makina ao. Mu 2018 Unduna wa Zacuma unalengeza kuti ndalama zidzayamba kupita ku nchito zimene zinali zitafika pa magawo 80 mwa magawo 100, zina zonse ziyambe zadikila. Mseu wa Chadiza unali kutali ndi mlingo umenewo. Mu Novembala 2020 Zambia inalephela kulipila ciongoladzanja ca madola a ku America 42.5 miliyoni pa nkhongole ina yakunja, ndipo makomo obwelekela ndalama anatsekeka. Pofika masankho a mu Ogasiti 2021, mseu wolonjezedwa mu 2012 unali usanathe.

Pali cinthu cimene anthu a m'maofesi samacichula kawilikawili, koma madalaivala acidziwa bwino: mseu wosiyidwa pakati umavuta kuposa umene sunakhudzidwe konse. Magalimoto amapatutsidwila m'tinjila tapambali timene tinakonzedwa kuti tigwile nchito miyezi yocepa cabe. Ngalande zokumbidwa koma zosamalizidwa zimasonkhanitsa madzi ndi kuwatsanulila pakati pa mseu. Dothi limene linatsindilidwa ndi ndalama zambili, likakhala dzinja limodzi kapena awili popanda tala pamwamba, limakokoloka, ndipo wobwela kudzapitiliza nchito amayambanso pansi. Pamwamba pa izi, ndalama zimene Boma lacedwa kulipila kampani zimabala ciongoladzanja. Conco dziko limalipila mseu umene anthu sanayendepo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo a ku Chadiza anaphunzila kuti mseu wao ndi umene uli pansi pa mataya, osati wa pa cikwangwani coimikidwa pamphambano.

NDALAMA ZA MISEU ZICOKELA KUTI?

Kuti pempho lifike pa khomo loyenela, ndi bwino kudziwa mwini khomo. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo amene anabala mabungwe oyang'anila za miseu. Road Development Agency, imene anthu amaichula kuti RDA, ndiyo imakonza mapulani, kusankha makampani ndi kuyang'anila kamangidwe. National Road Fund Agency ndiyo imasunga thumba ndi kulipila. Miseu inagawidwa m'magulu. Ikuluikulu yolumikiza dziko ndi maiko ena ili ndi cilembo ca T, monga T4 umene ndi Great East Road. Yotsatila ili ndi M, monga M12 wa Chipata ndi Lundazi. Ya maboma ili ndi D, ndipo wa Chadiza uli m'gulu limeneli. Miseu ing'onoing'ono ya kumidzi ndi ya m'kati mwa tauni inasiyidwa m'manja mwa makhonsolo.

Tanthauzo lake ndi lakuti khonsolo ya Chadiza, ngakhale itafuna motani, ilibe mphamvu kapena ndalama zothila tala pa mseu wa ku Chipata. Nchito yake pa mseu umenewo ndi kupempha ndi kukumbutsa. Khansala amene anthu amamuimika pamsika ndi kumufunsa za tala, nayenso ndi wopempha monga iwo.

M'thumba la miseu mumalowa msonkho wa pa mafuta a galimoto, ndalama za malaisensi, ndiponso za pa zipata zolipilitsa. Kulipilitsa kumeneku kunayamba ndi malole aakulu mu Novembala 2013, ndipo pambuyo pake kunafika pa magalimoto onse. Oyenda pakati pa Katete ndi Chipata acidziwa cipata cochedwa ndi dzina la malemu Reuben Kamanga. Zina zimacokela mu bajeti ya Boma, ndipo zina ndi nkhongole ndi mphatso za maiko akunja. Cigawo ca Great East Road kucoka pa ulalo wa Luangwa kufika ku malile a Mwami, ca makilomita pafupifupi 360, cinakonzedwanso ndi thandizo la European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi bungwe la citukuko la dziko la France. Iwo anavomela cifukwa mseuwo ndi njila ya katundu wopita ku doko la Nacala. Mu 2017 World Bank inavomela madola 200 miliyoni okonzela miseu ya kumidzi, koma imeneyo ndi miseu ya dothi ndi miyala, osati ya tala.

Masankho a 2021 atapita, Boma la Mtsogoleli Hakainde Hichilema linapeza thumba lolemedwa ndi nkhongole, ndipo linatsata njila ina: kupangana ndi makampani kuti amange mseu ndi ndalama zao, kenaka abweze ndalamazo mwa kulipilitsa magalimoto kwa zaka zambili. Mu 2023 linasaina pangano lotele la mseu wa Lusaka ndi Ndola, ndiponso lina la mseu wa makilomita 55 wocoka ku Katete kufika pa malile a Chanida. Cipata ca Chanida cili m'boma la Chadiza lomweli, ndipo pamenepo pamadutsa malole opita ku Tete ndi ku doko la Beira. Koma mseu umenewo sudzela pa tauni ya Chadiza.

Nanga n'cifukwa ninji njila yomweyi siikhala yapafupi pa mseu wa Chipata ndi Chadiza? Kampani yoika ndalama zake imayamba yawelenga magalimoto odutsa pa tsiku. Njinga siilipila pa cipata, ngolo ya ng'ombe siilipila, ndipo timagalimoto tonyamula anthu sitingabweze mtengo wa tala. Mseu wotele umatsala pa tebulo la Nduna ya Zacuma, pamene upikisana ndi wa Lundazi ndi Chama ndi ina yambili ya m'maboma 116 a dziko lino, boma lililonse lili ndi odwala ake ndi matumba ake.

Komabe kuwelenga magalimoto pa mseu woonongeka kuli ndi cinyengo cake. Magalimoto amacepa cifukwa mseu ndi woipa. Ndiye wowelenga akalemba kuti mseu suyenela tala cifukwa magalimoto ndi ocepa, wagwila mbuzi kumcila. Cimene ciyenela kuwelengedwa ndi matumba amene amatuluka m'boma caka ndi caka, minda imene siilimidwa yonse cifukwa mwini wake adziwa kuti zokolola sizidzapeza galimoto, ndi odwala otumizidwa ku Chipata. Opempha akafika ku Lusaka ndi ziwelengelo zimenezi, zocokela ku ofesi ya zamalimidwe, ku madepoti ndi ku cipatala, mau ao amalemela kuposa a munthu wongonena kuti anthu avutika. Kuvutika kuli m'kalata ya boma lililonse.

NANGA NDALAMA ZA CDF?

Funso limene limabuka pa misonkhano yambili ndi lakuti: popeza ndalama za Constituency Development Fund zinakwezedwa, bwanji osathila nazo tala? Zoonadi zinakwezedwa. Mu 2021 dela lililonse la phungu linali kulandila K1.6 miliyoni. Mu 2022 zinafika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Kwa munthu wa pamudzi izi ndi ndalama zosawelengeka. Koma kilomita imodzi yokha ya tala imadya mamiliyoni angapo a makwacha, kotelo kuti ngakhale CDF yonse ya caka itathilidwa pa mseu umodzi, siingafike makilomita khumi. Ndiponso siingathilidwe yonse. Malangizo a mu 2022 anagawa ndalamazi motele: zoyendetsela nchito zikacotsedwa, magawo 60 mwa 100 apite ku nchito za citukuko za anthu onse, magawo 20 ku maphunzilo a ana ndi a maluso, ndipo magawo 20 ku magulu a azimai ndi acinyamata. M'magawo 60 aja ndimo mucokela zipinda za sukulu, madesiki, nyumba za anamwino ndi zitsime.

Cimene CDF ingathe, ndipo ingacite bwino, ndi miseu ya kumidzi. Makhonsolo ambili m'dziko muno anagula mageleda ndi makina ena ndi ndalama zimenezi. Kalavati imodzi yoikidwa pa kamtsinje kamene kamatsekeleza ana a sukulu mwezi wonse wa Febuluwale ingasinthe moyo wa midzi khumi, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyelekeza ndi tala. Pempho lotele limayambila ku komiti ya citukuko ya mu wadi, imene imalemba zofuna za anthu ndi kuzipeleka ku komiti ya CDF. Mudzi umene sutumiza munthu ku msonkhano wa wadi usadabwe geleda ikaudumpha.

Geleda yokha si mankhwala. Ikangopala pamwamba popanda kukweza pakati pa mseu ndi kutsegula ngalande m'mbali, mseuwo umasanduka mtsinje mvula yoyamba ikagwa. Anthu ambili amaombela m'manja akaona mseu wosalala mu Okutobala, osadziwa kuti dothi lofewalo ndilo matope a mu Januwale. Mdani wamkulu wa mseu ndi madzi, ndipo ndalama yoikidwa pa ngalande imapindula kuposa yoikidwa pa kupala.

MBALI YA ENI MSEU

Kupempha si kuba, ndipo anthu a ku Chadiza sanalakwe popempha kwa zaka zonsezi. Nawonso amalipila msonkho pa lita iliyonse ya mafuta ndi pa katundu wa m'sitolo. Koma pali zina zimene sizifuna Nduna. Ena amalima mizele kufika m'ngalande yeniyeni ya mseu. Ena amakokela pulawo ndi mitengo pakati pa mseu, ng'ombe zili patsogolo, nasiya mikwasa imene madzi adzaitsata. Ena amakumba dothi loumbila njelwa m'mphepete, ndipo ena amasiya kalavati itatsekeka ndi zinyalala pakhomo pao penipeni, n'kumadikila munthu wa ku boma kuti adzaitsegule. Zotelezi nyakwawa ingathe kuziletsa ndi mau amodzi, monga mmene zinalili kale.

Cina ndi ca malo a mseu. Lamulo linapatula mamita 100 m'lifupi pa miseu ikuluikulu ndi mamita 36 pa miseu ya maboma, ndipo m'kati mwa malo amenewo simuyenela kumangidwa nyumba kapena sitolo. Mphekesela ya tala ikamveka, pamapezeka ena othamangila kumanga m'mbali mwa mseu poyembekeza cipukuta misozi. Milandu yotele imacedwetsa nchito, ndipo ndalama imene ikanagula simenti imathela pa kukambilana. Mafumu amene amagawa malo ndiwo angathe kutseka khomo limeneli lisanatseguke.

Ndipo makina akabwela, anthu asaiwale zimene zinacitika pambuyo pa 2012. Ali ndi ufulu wofunsa kuti kampani yapatsidwa makilomita angati, idzayambila mbali iti, ndipo idzamaliza liti. Ndi bwino kupempha kuti nchito icitike m'zigawo zimene zidzamalizidwa ndi kuthilidwa tala cimodzi ndi cimodzi, kusiyana ndi kugumula mseu wonse pa nthawi imodzi. Makilomita 20 omalizika anthu adzayendapo ngakhale ndalama zitatha mawa lake.

Caka ca ndalama za Boma cimayamba pa 1 Januwale. Kawilikawili Nduna ya Zacuma imawelenga bajeti kumapeto kwa Sepitembala, kupatula caka ca masankho pamene imacedwelapo, ndipo Unduna umalandila maganizo a anthu ndi a mabungwe miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Kalata ya khonsolo ndi ya mafumu yofika bajeti itawelengedwa kale imadikila caka cina. Bajeti ikatuluka, ziwelengelo zake zimasindikizidwa m'buku lalikulu limene aphungu amalicha Yellow Book, ndipo RDA nayonso imalemba mndandanda wa miseu imene idzagwilidwa m'cakaco. Phungu akabwela kudzaceza ndi anthu ake, angathe kufunsidwa ngati dzina la mseu lili m'mapepala amenewo, ndi ndalama zingati zalembedwa pambali pake, ndiponso, pofika mwezi wa Juni pamene mvula yaleka ndipo makina angathe kugwila nchito, ndi zingati mwa ndalamazo zimene zatulukadi m'thumba la Boma.